Kuwala Sikudziwa Dzina la Kampani

Lero ndikufuna ticheze ndi anzathu amene amadya za kamera, aja timawaona Loweruka lililonse ali jijirijijiri m'maholo, pa zinkhoswe, pa maukwati ndi pa tsiku lolandira madigiri. Nanunso amene mumawalemba ntchito anthu amenewa musatalikire wailesi, chifukwa zithunzi zikabwera nkhope zili bii, kapena chipumi chili nyezinyezi maso atatsinzina, olira mumakhala inuyo. Ukwati sabwereza chifukwa choti wojambula anaphonya.

Nkhani yake ndi ya fulashi, kachipangizo kong'anima kaja amakakweza pamwamba pa kamera. Achinyamata ongoyamba kumene ntchitoyi amafunsa kawirikawiri kuti: kamera yanga ndi ya Canon, kapena ya Nikon, kapena ya Sony, nanga fulashi ndigule ya kampani yomweyo, kapena ndingogula awa otsika mtengo a Godox ndi Yongnuo ochokera ku China? Akuluakulu ena a ntchitoyi sachedwa kuyankha: gula orijino mwana iwe, enawo n'kutaya ndalama. Ine ndikusiyana nawo, ndipo ndineneretu pompano kuti tisazungulire. Wojambula wa kuno kwathu, amene kwacha iliyonse amachita kuiwerenga kawiri, agule otsika mtengowo, koma agule awiri. Njira imeneyi ili ndi minga yake, ndipo tiitchula yonse, koma tiyambe ndi mtengo.

Mu 2016 Canon anatulutsa fulashi yotchedwa 600EX II-RT, ndipo ku America inkagulidwa pafupifupi madola 580. Chaka chomwecho Nikon anatulutsa SB-5000 pa madola pafupifupi 600. Mu 2020 Canon analengeza ina, EL-1, imene mtengo wake unapitirira madola 1,000. Tsono mbali inayi, Godox TT600 inkagulidwa pansi pa madola 70, ndipo Yongnuo YN560 IV nayo inali cha pomwepo. Godox V860II, imene ili ndi nzeru zambiri, inatuluka pa madola pafupifupi 200. Werengani nokha: ndalama ya fulashi imodzi ya dzina ikukupatsani mafulashi atatu apamwamba a Godox, kapena asanu ndi atatu a wamba. Ndiye muikepo kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, muonjezere msonkho wa pachipata, mtengo wotumizira katundu, ndi kuvuta kwa kupeza ndalama zakunja. Kusiyana kumene kwa anzathu a ku Ulaya n'kwa malipiro a masiku ochepa, kwa mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale ndi maukwati angapo ojambula popanda kudyapo kanthu.

Nanga ndalama yochuluka chonchoyo imagula chiyani? Mukaiona mkati fulashi iliyonse, yodula ndi yotchipa yomwe, mtima wake ndi umodzi. Muli mabatire, muli kachipangizo kosunga magetsi kotchedwa capacitor kamene kamadzaza mpaka mavoti pafupifupi 300, ndiye muli kachubu kagalasi kokhala ndi mpweya wa xenon. Mukadina batani, magetsi osungidwa aja amadutsa m'kachubuko kamodzi n'kamodzi, ng'ani! Nzeru imeneyi ndi yakale. Harold Edgerton wa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America anali atayamba kale kujambula nayo m'zaka za m'ma 1930. Kuwala kotuluka m'kachubu ka Godox ndi kotuluka m'kachubu ka Canon, kukagwa pa nkhope ya mkwatibwi, palibe angakuuzeni kuti uku n'kwa uje.

Chimene makampani akuluakulu ankagulitsa modula chinali kumvana kwa fulashi ndi kamera. Ojambula amakutcha TTL. Musanajambule, fulashi imayamba yang'anima pang'ono mwachangu kwambiri, kamera n'kuyeza kuwala kumene kwabwerera kudzera mu lenzi, kenako n'kuuza fulashiyo mphamvu yoti itulutse. Zonsezi zimachitika diso lisanaphethire. Canon njira yawo amaitcha E-TTL ndipo anaiyamba mu 1995, Nikon yawo ndi i-TTL ya mu 2003. Kampani iliyonse inkasunga chinsinsi cha mmene zida zake zimalankhulirana, kotero opanga mafulashi ena ankachita kumvetsera ndi kulondola okha mpaka kutulukira. Poyamba ankaphonyaphonya, ndipo mbiri yoipa imene akuluakulu athu aja akuikumbukira inachokera nthawi imeneyo. Sakunama, koma akunena za dzana.

Ndipotu kugwiritsa ntchito fulashi ya kampani ina sikunayambe ndi China. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, atolankhani ambiri padziko lonse ankanyamula Vivitar 283 ndi 285, pamene makamera awo anali a Nikon kapena Canon. Ojambula maukwati ankanyadira Metz ya ku Germany, fulashi yaikulu yogwirira pambali ija, ndipo palibe ankaitcha feki. Zinthu zinadzasintha kwambiri cha m'ma 2006, pamene David Hobby, wojambula wa nyuzipepala ya Baltimore Sun ku America, anayamba kuphunzitsa anthu pa intaneti pansi pa dzina loti Strobist. Uthenga wake unali wapafupi: ichotseni fulashi pamwamba pa kamera, iikeni pambali, mphamvu yake muziitchera nokha ndi dzanja. Anthu miyandamiyanda atamva zimenezi anazindikira kuti sakufunika fulashi yanzeru zambiri, akungofuna yong'anima nthawi iliyonse akaiuza, ndi njira yoiuzira ili patali. Makampani a ku Shenzhen, monga Yongnuo ndi Godox, imene inakhazikitsidwa mu 1993, anaiona njala imeneyi n'kuithamangira. Metz inalowa m'mavuto a zachuma mu 2014, ndipo patapita zaka zingapo mafulashi ake anasiya kupangidwa.

Apa ndi pamene nkhani imakoma, chifukwa pa zinthu zina otsanzira aja ndi amene anatsogola. Makampani akuluakulu kwa nthawi yaitali ankalamula fulashi ya patali pogwiritsa ntchito kuwala komweko, kutanthauza kuti fulashiyo inkayenera kuonana ndi kamera. Mukaibisa kuseri kwa chipilala, kapena mukakhala panja dzuwa lili phwee, inkangokhala duu. Canon anaika wailesi mkati mwa fulashi mu 2012, pamene Nikon anadikira mpaka 2016, ndipo ngakhale pamenepo pankafunika kugula kachipangizo kena kolumikiza ku kamera, komanso inkamvana ndi makamera ochepa atsopano okha. Lero ngakhale TT600 ya madola osakwana 70 ija ili ndi wailesi mkati, ndipo ndi kachipangizo kakang'ono kokhala pa kamera kotchedwa trigger mungathe kuikweza ndi kuitsitsa mphamvu muli chiimire pamene muli. Batire la lithium, longa la foni, Godox analiika mu fulashi zaka zingapo Canon asanatero. Batire la V860II limang'anima pafupifupi ka 650 pa mphamvu yonse lisanathe, ndipo limadzazanso fulashi pa sekondi imodzi ndi theka.

Tsopano tiyeni tilowe muholo, chifukwa mfundo yanga yagona mmenemo. Nthawi ili cha m'ma 4 koloko madzulo, perekaniperekani wafika pachimake. Holo ndi yaitali, denga ndi la malata opanda siling'i, okongoletsa akuta makoma ndi nsalu zofiirira ndi zagolide. Mkwatibwi wavala zoyera mbee, mkwati suti yakuda, onse ndi a khungu lathuli. Wojambula ali ndi fulashi yodula pamwamba pa kamera, waisiya pa TTL, waloza kutsogolo. Chimachitika n'chiyani? Kamera siidziwa kuti ichi ndi chovala cha ukwati. Iyo inapangidwa kuti chilichonse izichikokera pakatikati, chisayere kwambiri, chisade kwambiri. Ikaona diresi loyera ladzaza chithunzi, imaganiza kuti kuwala kwachuluka, n'kuchepetsa mphamvu, ndiye nkhope ya mkwatibwi imamira. Wojambula akatembenukira kwa aperekezi aamuna ovala zakuda okhaokha, kamera imaganiza kuti kwada, n'kutsanulira mphamvu yonse, zipumi zonse n'kuyaka. Kuti aloze fulashi kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa, dengalo lili kutali ndipo ndi lakuda ndi fumbi. Akaloza kukhoma, nsalu yofiirira ija imapaka aliyense mtundu wake. Madola 600 aja apa sanamuthandize kanthu.

Mnzake wa mafulashi awiri otchipa wachita zina. Imodzi waiika pa sitandi cha kumanja kwa akwati, mamita awiri kapena atatu kuchokera pamene akhala, yakwera pang'ono kupitirira mitu, ndipo ikuwalira mu ambulera yoyera. Mphamvu waitchera yekha, tinene pa kota, wayesa kawiri katatu mwambo usanayambe mpaka khungu la mkwatibwi laoneka mmene lilili, diresi osapsa. Kuyambira pamenepo, kaya kutsogolo kudutse wovala zoyera kaya zakuda, kuwala pa akwati sikusintha, chifukwa mtunda sunasinthe. Ambulera ija yakulitsa gwero la kuwala, ndiye kunyezimira kwa pachipumi ndi pamphuno kwafalikira, sikukubaya m'maso, ndipo popeza kuwala kukuchokera pambali, nkhope ili ndi maonekedwe ake enieni, masaya ndi chibwano zikudziwika. Khungu lakuda limakongola kwambiri likawalitsidwa chonchi, ndipo zimandiwawa kuona zithunzi zambiri za maukwati athu zikulephera kulionetsa. Fulashi yachiwiri waiika kumbuyo kuti iwalitse anthu ovina ndi makwacha akuuluka m'mwamba, kapena waisunga m'chikwama kudikira tsoka.

Lamulo limodzi lokha aligwire wojambula aliyense: mukawirikiza mtunda, kuwala sikutsika ndi theka, kumatsala kota. Fulashi imene ikukwanira pa mamita awiri, pa mamita anayi ikupereka gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake pa chithunzi cha banja lonse mzere wakutsogolo umayera mbuu pamene agogo aima kumbuyo sakuoneka. Mankhwala ake si fulashi yodula, koma kuibweza m'mbuyo fulashiyo ndi kuikweza m'mwamba kuti mizere yonse italikirane nayo mofanana. Musanyengedwenso ndi nambala yolembedwa pa katoni. Ambiri, odula ndi otchipa omwe, amalemba 60. Nambala imeneyi mukaigawa ndi kutseguka kwa lenzi imakupatsani mtunda, kotero pa f/8 ndi mamita asanu ndi awiri ndi theka. Koma amaiyeza fulashi itafinyira kuwala konse pamalo amodzi, pa mamilimita 200. Mukaitambasula kuti ikwane gulu, nambala ija imatsika kufika cha pa theka.

Tsono minga ija. Walira mvula walira matope.

Munga woyamba ndi umene wapweteka ambiri osadziwa. Pamwamba pa kamera pali kampando kachitsulo kolowetsapo fulashi, kotchedwa hot shoe, ndipo pakati pake pamakhala kadontho kachitsulo kamene kwa zaka zambiri kakhala kakuyatsa fulashi ya kampani iliyonse. Pa makamera ena otsika mtengo, monga EOS 4000D ya mu 2018 ndi EOS 250D ya mu 2019, Canon anakachotsa kadontho kameneka. Awa ndi makamera amene ongoyamba kumene amawakwanitsa kugula. Mukakwezapo fulashi ya phini imodzi ngati TT600 kapena YN560, siing'anima ngakhale pang'ono. Pamafunika fulashi kapena trigger ya TTL yopangidwira Canon, ndipo ina imafuna kuikidwa pulogalamu yatsopano kudzera pa kompyuta. EOS R50 ya mu 2023 ndiye inabwera ndi kampando ka mtundu watsopano, kofuna adaputala kuti mafulashi akale alowe. Choncho musanatulutse ndalama, yang'anani pamwamba pa kamera yanu. Yang'ananinso chilembo cha kumapeto kwa dzina la fulashi: C ndi ya Canon, N ndi ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm, O ya Olympus ndi Panasonic. Safunsa anadya phula, ndipo katundu wochita kuitanitsa kunja kumubweza n'kovuta.

Wachiwiri ndi kulimba. Ndivomereze, fulashi ya dzina kawirikawiri imamangidwa bwino. Kachitseko ka mabatire, phazi lolowa pa kamera, mabatani, mphira wotchinga fumbi ndi madontho a mvula, zonsezi pa otchipa zimatha msanga, ndipo nthawi zina mungapeze yobwera ndi chilema kuchokera kufakitale. Mtundu wa kuwala nawo pa ena umasinthasintha pang'ono mukamakweza ndi kutsitsa mphamvu. Kutentha ndiye kuli konse. Buku la Godox limachenjeza kuti mukang'animitsa ka 30 motsatizana pa mphamvu yonse, muipumitse mphindi khumi. Koma musaganize kuti a dzina satentha. Nikon SB-900 ya mu 2008 inatchuka ndi kuzima yokha ikatentha, ojambula maukwati n'kumangoiyang'ana mkwatibwi akulowa. Mu October wathu, muholo ya malata, fulashi iliyonse imalira. Mafulashi awiri ogwira pa theka la mphamvu amapirira kuposa imodzi yokakamizidwa.

Ogulitsa a dzina amati mukugula chitsimikizo, ikawonongeka adzakukonzerani. Mawu amenewa ali ndi tanthauzo ku London kapena ku Johannesburg. Kuno zida zambiri zimabwera m'chikwama cha mbale wochokera ku Joni, kapena ndi zogula kwa wina amene anazigwiritsapo kale ntchito, lisiti kulibe. Fulashi ikagwa pa sitandi Loweruka m'mawa chifukwa mwana wakodwa mwendo, pepala la chitsimikizo silijambula ukwati wa masana. Chimene chimakupulumutsani ndi fulashi ina ili m'chikwama. Kudalirika kwenikweni kwa wojambula wa ku Zomba kapena ku Mzuzu n'kukhala ndi yachiwiri.

Chenjezo lina ndi la okonda za kaunjika. Mukapeza fulashi yakale ya nthawi ya mafilimu pamsika, yotchipa mochititsa kaso, musathamangire kuikweza pa kamera yanu. Ma Vivitar 283 ena akale amatulutsa mavoti opitirira 200 pa phazi lawo, pamene makamera ena a dijito, makamaka akale a Canon, anapangidwira mavoti 6 okha. Mutha kuotcha kamera yonse pofuna kupulumutsa ndalama ya fulashi. Pitani nayo kwa okonza mawailesi akayeze ndi mita pakati pa phini ya pakati ndi kachitsulo ka m'mbali. Ndipo fulashi iliyonse, yatsopano kapena yakale, musamaitsegule nokha. Capacitor ija imasunga magetsi ngakhale mutachotsa mabatire, ndipo imamenya koopsa.

Pali kanthu kena koseketsa kobwera chifukwa choti ambiri tsopano ali ndi zida zofanana. Pa ukwati umodzi pamakhala wojambula wa kuchimuna, wa kuchikazi, ndi aja odzibweretsa okha ogulitsa zithunzi pakhomo. Onse akasiya wailesi zawo pa tchanelo 1 mmene zinabwerera, wina akadina, fulashi ya mnzake ndi imene imang'anima, batire n'kumatha mwini wake ali dabwi. Pa Godox matchanelo alipo 32. Gwirizanani mwambo usanayambe. Ubwino wake n'ngwakuti wa Canon ndi wa Nikon angathe kubwerekana TT600 yomweyo ikakhala pa sitandi, aliyense ndi trigger yake, chinthu chimene wailesi za mafulashi a dzina sizilola. Pa chifukwa chomwechi, sankhani banja limodzi la mafulashi n'kukhala nalo. Wailesi ya Godox ndi ya Yongnuo sizimvana, ndiye kugula uku imodzi uku imodzi chifukwa choti yatchipa lero n'kudziunjikira zida zosalankhulana.

Za mabatire ndinene mwachidule. Aja a AA ogula pa golosale amatha fulashi isanatenthe n'komwe. Gulani otchaja a mtundu wa NiMH, monga Eneloop, magulu awiri kapena atatu a anayianayi. Batire la lithium ndi labwino, koma magetsi akathima Lachisanu usiku musanatchaje, mulibe kolowera, pamene fulashi ya AA mungaipezere mabatire pa sitolo iliyonse, ngakhale ofooka, n'kumaliza mwambo. Amene amapita kukajambula kumidzi aganizirepo bwino pamenepa; kukhala ndi imodzi ya lithium ndi ina ya AA si maganizo oipa.

Kodi ndiye kuti fulashi ya dzina ilibe ntchito? Ili nayo. Mtolankhani wothamanga ndi gulu pa msonkhano wa ndale kapena pa bwalo la mpira, mvula ikugwa, alibe nthawi yoimika sitandi ndi kuyesa. Iye amafuna TTL yosaphonya ndi fulashi yosalowa madzi, ndipo ngati ofesi ikumugulira, atenge ya dzina. Chimodzimodzi amene wagula kamera yongotuluka kumene, imene opanga ena sanaizolowere. Koma awa ndi ochepa. Ambirife ntchito yathu ndi ya m'maholo, m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'tizipinda tojambuliramo ta m'matauni, kumene munthu ali ndi mphindi zisanu zoti aganize kuwala kuchokere kuti.

Kwa inu eni mwambo, makomiti a ukwati ndi ankhoswe, mukamasankha wojambula musamayang'ane dzina lolembedwa pa zida zake. Muuzeni akuonetseni zithunzi za ukwati umodzi wathunthu, makamaka za muholo ndi za madzulo, osati zisanu zokha zosankhidwa za m'maluwa masana. Yang'anani ngati nkhope zikuoneka ndi khungu lake lenileni, ndiponso ngati nsalu ya diresi ikuonetsa maluwa ake. Mufunseninso funso limodzi: fulashi yanu ikafa pakati pa mwambo, muchita chiyani?

Ndipo inu achinyamata amene mwasunga kandalama, gulani mafulashi awiri a banja limodzi, trigger yogwirizana ndi kamera yanu, sitandi, ambulera yoyera ndi mabatire otchaja. Mukatero musadikire tsiku la ukwati wa munthu kuti muphunzirirepo. Madzulo ano khazikani mchemwali wanu kapena mnzanu pampando atavala malaya oyera, muike fulashi pambali, muziisuntha ndi kusintha mphamvu mpaka nkhope ndi malaya zonse zioneke bwino pa chithunzi chimodzi.